Kusaka Wothira Mchere pa Njira ya ku Boma

Tinanyamuka dzuwa likungosuzumira, njira ili matope okhaokha chifukwa mvula inali itagwa mpaka m'mbandakucha. Pangolo ya aZuze tinalipo anayi: eni ngolowo, ine, mtsikana wina wa pamudzi pathu dzina lake Esitere, ndi mwana wake woyamba, Lute, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe. Tinkachokera kwathu kuseri kwa Chiosya kupita ku chipatala cha ku boma la Mchinji. Lute anali atatsegula m'mimba kuyambira pakati pa sabata. Maso anali atalowa, liwombo litaphwa, ndipo chiyambire dzulo lake anali asanakodze.

Masiku amenewo ine ndinali wodzipereka wa zaumoyo m'mudzi mwathu. Anthu anandisankha chifukwa ndinapondako kusukulu, komanso chifukwa ndine wapakamwa, zimene sindikana. Tinakaphunzira ku boma masiku ochepa, n'kutipatsa sikelo yoyezera ana ndi mawu olimbikitsa. Malipiro kunalibe. Masana ankanditcha “adokotala” mondiseka, koma mwana akatentha thupi ankathamangira pakhomo panga pomwepo. Pa zonse zimene tinaphunzira, chimene chinandilowa m'mutu n'chakuti mwana wotsegula m'mimba amafa chifukwa chouma. Mankhwala ake ndi madzi owiritsa, shuga wodzaza chikhatho ndi mchere wotsina ndi zala zitatu, kumumwetsa pang'onopang'ono osaleka mpaka mukafike kumene kuli diripi.

Aphunzitsi athu aja anaiwala chinthu chimodzi: kwathu mchere sathira aliyense. Mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wasempha mwambo wa pamphasa, timati ndi wotentha, ndipo akathira mchere m'chakudya amadula wodyayo, makamaka khanda. Matenda ake timati tsempho. Tsono mwamuna wa Esitere anali atabwera pa Khirisimasi kuchokera ku esiteti ya fodya n'kugona naye akuluakulu asanawalole kubwerera pamphasa chibadwire mwanayo, ndiye amayi a m'mudzi anali ataweruza kale kuti mwanayo wasemphedwa. Esitere mwini wake anakhulupirira, moti ankayang'ana manja ake ngati a mfiti. Ine nanenso ndinali kumwezi, ndipo mudzi wonse unkadziwa, pakuti sabata imeneyo ndiwo za kwathu ankandithirira mchere ndi mayi anga.

Choncho m'mawa umenewo mchere anathira ndi aNambewe, mayi ake a Esitere, amene zoterezi anazidutsa kalekale. Ine ndinkangoloza muyezo ndili chapatali. Madziwo tinaika m'ketulo yakale, kukamwa kwake titatseka ndi chitsononkho. ANambewe sakanatha kutiperekeza chifukwa cha maondo, koma anagwira ngolo isananyamuke.

“Adokotala, mdzukulu wangayu ndakupatsani. Koma dzanja lanu lisakhudze mchere. Mwamva?”

“Ndamva, mayi.”

Ndinalonjeza chifukwa popanda lonjezolo mwana sakanachoka pakhomo.

Ng'ombe za aZuze zinali ziwiri, Kapiteni ndi Jamani, ndipo zonse zinalibe changu. AZuze ankazinyengerera ngati akufunsira mbeta. Ine ndinakhala chotsamira, supuni m'manja, n'kumadontheza madzi m'kamwa mwa Lute ngolo ikaleka kugwedera. Ena ankameza, ena ankatsikira m'khosi. Tinadutsa minda ya chimanga chofika m'chiuno, anthu ali kalikiliki kubandira. Ankaweramuka n'kufunsa kuti kwagwanji, aZuze n'kumayankha kuti n'kuchipatala chabe, iwo n'kutifunira ulendo wabwino ndi mawu otsika.

Dzuwa litakwera pang'ono tinafika padambo lina lopanda mlatho. AZuze anatsika, napima madzi ndi ndodo, nati tidutsa bwinobwino. Tili pakati, gudumu lakumanzere linatitimira, ngolo n'kupendekeka. Ine ndinagwira Esitere, Esitere anagwira mwana, ndipo ketulo inasowa woigwira. Inagubuduka, chivindikiro uko, madzi athu onse n'kusakanikirana ndi a m'dambo. Ndinatola ketuloyo ndili ndi mkwiyo, osadziwa wokwiyira. Amuna atatu amene ankapalira fodya chapafupi anabwera kudzatithandiza kukankha, nanenso ndinapinda chitenje n'kulowa m'matopemo. Titatuluka, aZuze anayamba kupepesa.

“Musapepese, bambo, menyani ng'ombezo,” ndinatero. “Pa Kamwendo tikapanga ena.”

Shuga tinalibe, koma mchere unalipo. ANambewe anali atamangira mwana wawo pang'ono m'kapepala, ndipo Esitere anakasunga pachifuwa.

Tinafika pa Kamwendo dzuwa lili pamutu. Linali tsiku la msika, ndipo polowera panali anyamata a chipani atatchinga njira ndi chingwe.

“Makhadi, amayi!”

Masiku amenewo munthu ukanatha kuiwala nsapato koma osati khadi ya chipani. Ndinamasula pangodya ya chitenje n'kuonetsa yanga, Esitere naye yake. Mmodzi analoza kumsana kwa Esitere.

“Nanga uyo?”

Ndinangovundukula nsalu kuti aone nkhope ya mwanayo. Anayang'ana, n'kutsitsa chingwe. AZuze tinasiyana nawo pamenepo, chifukwa ng'ombe zawo sizikanatha kuyenda pa msewu wa tala mpaka ku boma.

Tinalowa m'tiyirumu ya mayi wina wonenepa, wansangala. Shuga ankasowa chaka chimenecho chifukwa wambiri ankawolokera ku Zambia pa njinga, koma atamva nkhani yathu anaweramira pansi pa tebulo n'kutitapira wodzaza chikhatho. Anatsuka ketulo, nathiramo madzi owiritsa, n'kukana ndalama. Nditamupempha kuti atithirirenso mchere, anabisa manja kumbuyo.

“Iii, amayi, ine ayi. Abambo a kunyumba alipo, sanachoke.”

Apa ndiye panayambira ntchito imene sanatiphunzitse ku boma, yoyenda mumsika kufunsa anthu osawadziwa funso losafunsika. Ndinaona nkhalamba ina yaimuna ya imvi mbuu ikugulitsa fodya wonunkhiza, ndinati uyu yekha ndiye. Ndinagwada mwaulemu.

“Agogo, pepani, tili ndi mwana wodwala. Tikufuna munthu wozizira atithirire mchere. Ndimati mwina inu za pamphasa munasiya.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amayi inu, mwandiyesa mtembo? Ndakwatira chaka chathachi, mkazi wanga wamng'ono kwa inu!”

Ogulitsa anzake anafa nacho chiseko. Tsiku lina nanenso ndikanaseka mpaka misozi. Ndinapita kwa mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi. Iyeyo anavomera kuti ndi wozizira ndithu, anayamba n'kutambasula dzanja komwe, koma ataona maso a Lute analibweza.

“Mwana wa eni ameneyu. Akakatsirizikira m'njira mudzati ndine.”

Wachitatu anatero, wachinayi chimodzimodzi. Msika wodzaza anthu, koma dzanja limodzi lokha linasowa.

Ndisaname, ndinaganiza zomulanda Esitere kapepala kaja. Mphamvu ndinali nazo, ndipo mumtima mwanga ndinkadziwa kuti zala zanga sizingadule munthu. Koma Lute anali pakati pa moyo ndi imfa. Akanamwalira ine nditathira mcherewo, palibe mayi wa m'mudzi mwathu akanalandiranso madzi amenewa, kwa ine kapena kwa wina aliyense, ndipo dzinja linali likadali lalitali, ana odzatsegula m'mimba anali ambiri kutsogolo. Ndinangonyamula ketulo yanga yopanda mchere.

Basi inali itadutsa kale. Tinapeza lole yonyamula matumba a feteleza yopita ku boma, dalaivala wake wolankhula chinyanja cha kumalire. Anati 50 tambala munthu mmodzi, koma wa kumsana akwere ulere.

“Kwerani manje, amayi, tiyende!”

Pamwamba pa matumbapo tinapeza bambo wina atakumbatira dengu la nkhuku, n'kutisendera. Lole inathamanga bwino ndithu, mphepo ikutiwomba, ndipo ndinayamba kulimba mtima kuti tifika msanga. Sitinapite patali, inayamba kutsokomola, kutsogolo kukufuka nthunzi, mpaka inaima pambali pa msewu pamalo opanda nyumba n'imodzi yomwe. Dalaivala anatsika ndi chigubu kukasaka madzi a injini, akuti abwera manjemanje. Ndinamuona akuchepa m'munda wa mtedza mpaka anazimiririka.

Pamenepo Esitere anaika mwana kubere, mwana osayamwa. Anayesa bere linalo, milomo osagwira. Mutu unkangogwera kumbuyo. Ndinatsina khungu la pamimba pake, linangoima osabwerera. Mantha amene ndinawabisa tsiku lonse anandigwira. Ndinacheukira bambo wa nkhuku uja, koma ndisanatsegule pakamwa anapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali.

“Esitere,” ndinatero, “mayi ako ndinawalonjeza za dzanja langa, koma sindinalonjeze kuti ndidzakhala n'kumaonerera mwana akuuma. Madzi a shuga okha samuthandiza. Mcherewo ulowe m'ketulomu tsopano lino. Uthira iwe kapena ndithira ine?”

Analira mosatulutsa mawu.

“Amayi, ndamudula kamodzi. Ndimudulenso kachiwiri ndi manja omwewa?”

“Sunamudule, mwana wanga. Wauma chabe.”

“Inu mukutero. Nanga akafa?”

Kenaka Esitere anapukuta misozi ndi chitenje, n'kulankhula ngati akudzilankhulira yekha.

“Kunyumba, wamkulu akasowa, timaitana mwana kuti atithirire.”

“Ee, koma pamsewu pano mwana timupeza kuti?”

Anayang'ana pamiyendo pake.

“Nanga uyu si mwana?”

Ine amene ndinapita ku maphunziro, ndinayenda msika wonse ndikugwadira nkhalamba, wothira mchere ali kumsana kwa mayi wake. Ndinavundukula ketulo msangamsanga. Esitere anatambasula kadzanja ka Lute, nagwedezera mchere pachikhatho pake kuchokera m'kapepala, ine ndikuyang'anitsitsa muyezo mpaka ndinati basi. Tizala take tinalibe mphamvu yofumbata. Mayi wake anagwira pamkono, naupendeketsa pamwamba pa ketulo, mchere n'kugwera m'madzi.

Supuni yoyamba inabwerera yonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinamudzutsa pang'ono, ndikumuitana dzina, n'kudontheza pambali pa lilime. Pakhosi pake panagwedera. Bambo wa nkhuku uja, amene ankaoneka ngati sakutiona, anafuula kuti, “Wameza!” Kuyambira pamenepo sindinawerengenso kanthu, ntchito yanga inali supuni basi. Dalaivala anabwera nthawi yanji, lole inalira bwanji, sindikukumbuka. Ndimangokumbuka kuti anatipitirizira mpaka pachipata cha chipatala, kumene sikunali njira yake.

Tinalandiridwa ndi namwino wina wa kumpoto, wamanja achangu. Anameta tsitsi la Lute pambali n'kupeza mtsempha wa pamutu, diripi n'kuyamba kudontha. Anafunsa chimene tinkamumwetsa m'njira, analawa za m'ketulo, nati tipitirize mwana akangotha kumeza bwino. Titamufunsa ngati mwanayo achira, anati tidikire, iye si Mulungu.

Dzuwa litapendeka, Esitere anapita kumpopi kukasamba matope a m'dambo muja, mwana n'kundisiyira pamiyendo. Ndinali nditatopa, njala ikundipweteka, poti chichokere kumudzi ndinali nditangodya nthochi imodzi. Ndikusinza choncho ndinamva kufunda pantchafu, kukuyenderera mpaka m'maondo. Ndinayang'ana: chitenje changa chatsopano, chimene ndinkasungira ku tchalitchi, chinali chitanyowa. Ana andikodzerapo ambiri pa moyo wanga, anga ndi a eni, koma tsiku limenelo ndinalira ndi chimwemwe, ndikuitana Esitere mokweza mpaka odwala ena anadzuka.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti pa ntchito yathuyi kudziwa muyezo wa mchere n'kochepa, chachikulu n'kupeza dzanja limene anthu angalilole. Kuchokera nthawi imeneyo ndinaleka kukangana ndi amayi za tsempho. Ndinkangowauza kuti wozizira akasowa asathamange mudzi wonse, wodwalayo ali ndi dzanja lake.

Tinabwerera kumudzi sabata yotsatira, Lute akuyamwa ngati akulipsira masiku onse aja. ANambewe anatichingamira akutsimphina ndi ndodo. Anamulandira mdzukulu wawo, namupsompsona, namuyang'ana liwombo, kenaka anatembenukira kwa ine. AZuze anali atawauza kale za ketulo ya padambo.

“Adokotala, madzi anga aja anatayika. Tsono enawo mchere anathira ndani?”

Esitere ndi amene anayankha, akuloza mwanayo.

“Mwini wake, amayi. Anathira yekha.”