Malalanje a Wyson

Mwana wanga Wyson anabadwa ndi nthenda imodzi: akaona dothi manja amamuyabwa. Atakwatira Rosemary wa ku Chiringa n'kukakhala kuchikamwini, ndinamulangiza bwinobwino. "Mkamwini sabzala mtengo, mwanawe. Bzala chimanga ndi nandolo, zinthu zoti akakupitikitsa usazilire." Anangoseka. Anabzala mandimu kuseri kwa nyumba, n'kuwamezanitsa ndi malalanje monga anaonera kwa alangizi.

Akuchikazi ankati mkamwini wawo akuweta minga. Iye kumangotunga madzi panjinga dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kuthamangitsa mbuzi zawo zomwezo.

Kenaka boma linatikumbukira ndi makuponi. Tithokoze ndithu: thumba limodzi la feteleza, mabanja kugawana ngati mchere wapamaliro. Wopsa ndi dzuwa pamzere ku Migowi anali Wyson, wopalasa thumbalo anali Wyson, ndipo gawo lake linakwana m'ndowa. Anathira m'chimanga. Wotsalira pansi pa ndowa, wongokwana m'manja, anamwaza m'mitengo muja, poti chaka chimenecho inali itagwira tizipatso toyamba.

Pamenepo a Howard, malume ake a Rosemary, mwinimbumba amene khasu lawo linadyedwa ndi chiswe lili chiimire, anasanduka loya wa boma. Feteleza wa chimanga kuthira m'mitengo! Mkamwini ameneyu amanitsa mudzi wonse makuponi! Komatu mlandu woopsa chonchi sanauzenge nthawi yadzinja, ayi. Anaupirira mwaulemu mpaka malalanje atapsa.

Nditamva kuti akumupitikitsa Wyson, ndinapitako ndekha. A Howard ndinawapeza pamkeka.

"Asewere, m'nkhokwe chimanga mulibe?"

"Chilimo."

"Adzukulu anga akugona ndi njala?"

"Nkhani si imeneyo, mayi. Nkhani ndi lamulo."

"Lamulo lake ndi limene likuyenderera pachibwano panulo?"

Anapukuta ndi mkono, n'kukankhira makoko kuseri kwa mwendo.

Rosemary anangozyolika. Sindimuda mwanayo, kwawo n'kwawo, sakanatsutsa malume pagulu. Wyson atafunsa za mitengo yake, a Howard anati, "Ndi yako eti? Nyamula."

Ananyamuladi. Anafika pakhomo panga ndi bulangete, khasu, njinga, ndi chiguduli chonyowa. M'chigudulimo munali timphukira ta malalanje. Asanamwe ndi madzi omwe anali kale pamandimu anga akale ndi mpeni, akumanga ndi pulasitiki ya shuga. Zinagwira. Mwana wa ine ameneyo.

Chaka chino kuponi yagwera ine, poti ukalamba nawo wayamba kulipira. Ndamuuza kuti, "Thira pomwe ukufuna. Boma likafuna kufunsa libwere, lindipeza pakhonde."

A Howard anachita nyengo ziwiri pamsika wa Migowi atavala jekete, akuitanira malalanje a mbumba yawo. Koma mtengo womezanitsa umaphukira mandimu m'munsi, ndipo mphukirazo zimafuna munthu wozidula. Kumeneko munthu wotero anamupitikitsa. Adzukulu anga atabwera patchuthi anandiuza kuti nthambi za malalanje zikuuma, zomwe zakondwa ndi za minga, ndipo zipatso zake ngakhale mbuzi ikukwinya nkhope.

Dzulo kunabwera munthu ndi uthenga waulemu kwambiri wochokera kwa a Howard, woti bambo a ana akaoneko mitengo ija. Wyson anayamba kuyang'ana njinga. Ndinakhala pa kaliyala wa njingayo kuti isachoke, n'kumuyankha munthu uja.

"Kawauzeni asewere kuti ana abwere adzadye malalanje kuno, ndi mayi awo yemwe ngati afuna. Koma mkamwini sagwira mtengo. Ndi mwambo, iwo akuudziwa kuposa ine."