Amene Anapempha Kuti Ndisunthidwe

Ndinaganiza zochoka ku Glasgow Lamulungu lina nditaima panja pa tchalitchi ku Govanhill, dzanja langa lamanja lili m'bandeji. A Mbewe, mkulu wa mpingo amene anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi, anandikokera pambali n'kunena kuti, "Fatsani, kuli malo a weyitala m'sitima ya alendo yonyamukira ku Greenock. Miyezi khumi. Mapepala ako ali bwinobwino. Ukuti bwanji?" Za malipiro sindinafunse n'komwe. Ndinangoti, "Ndilembeni."

Bandejiyo inali ya Lachinayi lapitalo. Anali atandichotsa ntchito kachitatu, ulendo uno kosungira katundu, chifukwa chokankha kapitawo. Tikudya kwathu ku Easterhouse, a Nkhoma, amuna awo a amayi, anangofunsa kuti, "Ndiye pano ukuganiza zotani?" Funso lokhalo basi. Ine ndinanyamula mbale n'kuimenyetsa kukhoma, kenako chibakera pachitseko cha kukhitchini, galasi lonse phwaa pansi. Amayi anakuwa. Mlongo wanga Tadala, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali patebulo pomwepo. Dzina loti Fatsani amayi amati anandipatsa asanandione bwino.

Kuno ndinabwera ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, kuchokera ku Zingwangwa kumene ndinkakhala ndi azakhali, ndipo ndinapeza amayi ali kale ndi banja lina. Sukulu ndinaisiya patangotha chaka. Anzanga a kutchalitchi ankajambulitsa atavala magauni a yunivesite, ine ndikusenza makatoni. A Nkhoma sindinawatchulepo kuti bambo, ngakhale mwangozi. Choncho a Mbewe atandiuza za sitimayo, ndinadziwa kuti alipo wawatuma, paja iwo ndi a Nkhoma amakhala benchi imodzi. Ndinati chabwino, mwandithamangitsa m'nyumba ya mayi anga. Ndipita, koma ndidzabwera, ndipo malo anga mudzandibwezera.

M'sitimamo ndinkagona pansi penipeni, m'kachipinda kopanda windo, ine pamwamba, mnzanga wa ku Indonesia pansi. Anthu amandifunsa za mapiri a ku Norway. Ndinawaonadi, kudzera pachitseko chotulutsira zinyalala. Sabata yachiwiri ndinagwira weyitala mnzanga pakhosi chifukwa anatenga thireyi yanga, ndipo ndinangotsala pang'ono kutsitsidwa padoko lotsatira. Anandipulumutsa ndi Mayi Dulce, Mpwitikizi wamfupi amene ankayang'anira chipinda chonse chodyera. Anati, "Kuyambira lero uziima pakhomo pambali panga, uziperekeza alendo kumatebulo awo. Ndikufuna ndizikuona manja."

Pakhomopo m'pamene ndinaphunzira ntchito imene sindinkadziwa kuti ilipo. Alendo ambiri m'sitima sadya paokha. Amawaika anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu patebulo limodzi, anthu osadziwana, ndipo amadyera pomwepo madzulo alionse mpaka ulendo utatha. Imayamba ndi kompyuta. Imasonkhanitsa olankhula chinenero chimodzi, amisinkhu yofanana, ofuna kudya msanga paokha ndi ofuna kudya mochedwerapo paokha, a ana ndi a ana anzawo. Ikatero Mayi Dulce ankatenga pepalalo m'mawa wa tsiku lonyamuka, pensulo kukhutu, n'kuyamba kufufuta. Munthu woyenda yekha samuika pakati pa mabanja atatu, amangokhala ngati mlonda. Ongokwatirana kumene sawaika ndi wamasiye. Olongolola awiri patebulo limodzi ndi nkhondo, ofatsa okhaokha ndi maliro. Ndinawauza kuti kwathu ntchito yawoyo ikanaphweka: amuna uko, akazi uko, mkamwini kutali ndi apongozi ake. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndipezere malo kwanuko," anatero.

Koma pepala silidziwa munthu. Ntchito yeniyeni inali tsiku loyamba lodyera, kuima n'kumayang'ana. "Usamvere pakamwa," ankatero Mayi Dulce. "Wolankhula kwambiri sakhala ndi vuto. Yang'ana amene mbale yake ikubwerera yodzaza. Yang'ana mpando umene wapendekera kumbali. Yang'ana amene wakhala pakati pa anthu awiri ngati khoma." Mawa lake wina ankabwera pakhomo monong'ona, kupempha kuti uje amuchotse patebulo pawo. Ndipo lamulo linali limodzi: wosunthidwayo osamuuza kuti wina wamukana. Umapita ukumwetulira, n'kunena kuti tebulo lapawindo lapezeka, tinaganiza za inu.

Bodza limeneli linkandinyansa. Ndinkaliona ngati lomwe lija la a Mbewe, kundiuza za mwayi wa ntchito pamene akungondichotsa panjira.

Uthenga wakunyumba unkabwera tikaima padoko. Amayi ankajambula mawu aafupi: tili bwino, uzipemphera, uzivala zofunda. Ndikawatumizira kangachepe ankati zikomo, koma za kubwera kwanga sankazitchula. Tadala ndikamulembera ankangoyankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba. Amene ankalemba padoko lililonse anali a Nkhoma: "Mwafika bwino, achimwene?" Sindinawayankhe ngakhale kamodzi. Ndinkawerenga, magazi n'kuwira, n'kuyamba kuyenda m'kanjira ka antchito kuchoka kumutu kwa sitima mpaka kumchira, kubwerera, kupitanso, ngati galu womangidwa. Kusungulumwa kwa m'sitima n'kwachilendo. Anthu ali ponseponse, kuchimbudzi komwe pamzere, koma wokutchula dzina lako molondola palibe. Ine ndinali Fats.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri kunakwera bambo wina wachikulire wa ku Paisley, a Alec, akazi awo atamwalira chaka chomwecho. Anawaika ndi oyenda okha anzawo, monga mwa lamulo. Koma bamboyo sankatseka pakamwa. Nkhani yake inali imodzi, matenda a malemuwo, chipatala, machubu, anthu akudya. Tsiku lachitatu amayi awiri apachibale a patebulopo anabwera pakhomo, manyazi ali m'maso, kupempha. Mayi Dulce anandituma ine.

Ndinanena monga anandiphunzitsira. A Alec anandiyang'ana m'maso, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, undiuze zoona. Alipo wandikana?"

Ndikanangoti ayi. Koma ndinamva ngati akufunsa ndine. Ndinati, "Eya. Amayi awiri aja."

Anagwedeza mutu n'kundithokoza. Patebulo lapawindo sanapitepo, ndipo m'chipinda chodyeramo sanalowenso. Masiku asanu ndi atatu otsalawo anadyera kuchipinda kwawo, ndipo Mayi Dulce analamula kuti thireyi yawo ndiziwapititsira ineyo. Ndinkawapeza atavala tayi, atakhala pabedi. Amayi awiri aja nawonso anasiya kuseka, mmodzi ankangoyang'ana mpando wopanda munthuwo. "Ukudziona ngati wolungama, eti?" anatero Mayi Dulce, osakweza mawu. "Patebulo latsopanolo ndinamuikira nesi wopuma ntchito ndi m'busa. Akanamumvera usiku ndi usana. Iwe wamudyetsa choonadi, tsopano akudya yekha." Ndinamenya khoma la mufiriji. Khomalo silinamve kanthu.

Pano ndikulemba izi ndili m'kachipinda ka pamwamba ku Dennistoun, ndipo mmene ndinafikira muno ndi motere. Miyezi khumi itatha ndinatsika ku Greenock kukugwa mvula ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Ndili m'sitima yapamtunda yopita m'tauni, foni inalira. Amayi. "Fatsa, a Mbewe akupezera chipinda ku Dennistoun. N'chabwino, chili pafupi ndi siteshoni, ntchito uipeza msanga. Tinaganiza za iwe."

Tinaganiza za iwe! Ndinaseka mokweza mpaka mayi wina anasamukira mpando wina. Mawu amene ndinawalankhula kambirimbiri ndikumwetulira, lero akundilankhulira ine, mayi anga ondibereka. Masiku atatu ndinazungulira m'chipindamo osamasula chikwama. Ndinakonza mawu oti ndikawauze a Nkhoma, ndinawayeserera pagalasi, ena achingerezi, ena achichewa chakuzingwangwa chimene sichilembedwa.

Lamulungu masana ndinakwera basi ya ku Easterhouse. Chitseko cha kukhitchini anali ataikamo thabwa m'malo mwa galasi. Amayi anandikumbatira akulira, n'kunena kuti ndaonda ngati ndodo ya mopu. A Nkhoma anandipatsa moni wa manja awiri. Tadala anali atatalika, ndipo anandipatsa moni wachingerezi chake cha kuno, ali chiimire kuseri kwa sofa.

Tinakhala pansi kudya mpunga ndi nkhuku. Mawu anga anali okonzeka pakhosi, ndinkangodikira a Nkhoma atsegule pakamwa. Koma miyezi yonse ija pakhomo la Mayi Dulce inali itandiwononga maso. Sindikanatha kukhala patebulo osaliwerenga. A Nkhoma, amene chibwerereni ine ku Glasgow amakhala kumutu kwa tebulo, tsikuli anakhala pambali, pakati pa ine ndi Tadala. Ankadya bwinobwino, kundifunsa za Norway, kuseka. Munthu wondikana sadya chonchi. Mpando wa Tadala unali utapendekera kukhomo. Mpunga wake ankangousuntha ndi foloko. Ndiye ndinatambasula dzanja kuti nditenge mchere, basi mchere, ndipo mwanayo anadzidzimuka mpaka madzi ake anatayika, mapewa kukwera kufika m'makutu. A Nkhoma anapukuta madziwo akupitiriza nkhani ngati sipanachitike kanthu.

Mawu aja anandithera.

Ndinatsatira amayi kukhitchini nditanyamula mbale. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Amayi, ndi Tadala, eti?"

"Wakuuza ndani?"

"Palibe."

Anatsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu. "Usiku wa galasi uja anayamba kugona m'chipinda mwathu. Kusukulu anandiitana, ati mwana akunjenjemera chitseko chikamenyetseka. Anandipempha yekha, Fatsa. Anati amayi, achimwene akakhale kwina. Ndikanatani? Nonse ndinu anga."

"Nanga a Nkhoma?"

"Iwowo ndiye ankakana! Ankati mnyamata sathamangitsidwa, tikhale naye pansi. Kwa a Mbewe ndinapita ndine. A Nkhoma atadziwa kuti ukuwada iwo, anati musiyeni azidana ndi ine, bola asadziwe kuti ndi mlongo wake." Anandigwira dzanja, lomwe lija la chipsera. "Usamufunse. Ndakugwira mwendo."

Ndinkafuna kumenya chinachake, ndisaname. Dzanja linkachita kuyabwa. Ndinaliika m'madzi otsukira mbale n'kutsuka mbale zonse, mapoto omwe, amayi akungondiyang'ana.

Pochoka ndinawapeza a Nkhoma pakhonde. Ndinati, "Mauthenga anu ndinkawaona." Iwo anati, "Ndikudziwa, foni imaonetsa." Tinaseka pang'ono, ndipo zinathera pomwepo. Kuwatchula bambo sindinafikepo, mwina sindidzafikapo, koma ndinawagwira dzanja nthawi yotalikirapo.

Miyezi khumi ndinkaganiza kuti kwathu kuli munthu wolanda malo anga. Ndinapeza nyumba imene inapuma nditachoka. Ankadya mwamtendere, mwana anabwerera kuchipinda chake, ndipo chimene ankachiopa chinali tsiku langa lobwera.

Tadala anali pamasitepe, foni m'manja. Ndinaima patali, manja m'thumba. Ndinamuuza kuti chipinda cha ku Dennistoun ndachikonda, ndinachita kuwapempha ndekha a Mbewe, chifukwa kuno mabasi amavuta. Ndinanena ndikumwetulira, ndipo bodzali linatuluka bwino kuposa onse amene ndinanenapo m'sitima. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Kaya anakhulupirira, kaya ayi. Kenako anayankha m'Chichewa chake chopindika chija, chimene amachisungira zinthu zofunika.

"Mubwere Sande, achimwene." Analoza ndi foni kudzera pakhomo, kumapeto kwenikweni kwa tebulo. "Koma mukhale uko."

Ndinati, "Uko n'kwabwino."