Mkamwini Amene Ankatsatira Apongozi Ake Panjira

A Dominiko Chimbalanga anabadwira kufupi ndi Dzoole m'chaka cha 1921. Ali mwana ankafunsa mafunso mpaka aphunzitsi a katekisimu kutopa nawo. Atakula anakwatira a Tereza n'kudzakhala chikamwini kuno kumapiri. Tchalitchi chathu chili pamwamba pa phiri, koma iwo sankajomba.

M'chaka cha 1968 anayamba kudabwa: bwanji imvi zikuchepa m'tchalitchi? Enafe tinkangoti okalamba afooka pa chikhulupiriro, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Apongozi awo, a Roza, anali atatha miyezi isanu osalandira Ukaristiya. Ankangokhala okha pakhonde, kudya mochita kuwakakamiza, anthu n'kuyamba kunong'onezana za ufiti.

Tsono mkamwini sayankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatuka. Choncho a Dominiko anatuma akazi awo.

"Kawafunseni amayi, chikuwaletsa n'chiyani?"

A Tereza anabwera ndi yankho: "Akuti mtima ukufuna, koma phiri lija latalika."

A Dominiko anakunkhuniza miyala itatu yaikulu n'kuiika m'mbali mwa njira kuti okalamba azipumirapo. A Roza anayesa, koma anabwerera asanafike n'komwe pa mwala woyamba. A Dominiko anali atayeza mtunda ndi miyendo yawoyawo, osati ya nkhalamba.

Lamulungu lotsatira anapempha a Tereza kuti ayendenso ndi amayi awo, iwo akutsatira chapatali ngati wofunafuna mbuzi yosochera. Paliponse pamene a Roza ankaima kuti apume, a Dominiko ankafika pambuyo n'kuzika kamtengo. Anafika pamwamba mapemphero atatha, timitengo titakwana khumi ndi kamodzi.

Chilimwe chonse a Dominiko anakhalira kunyamula miyala n'kumaiika paliponse pamene panali kamtengo, ndipo mvula itagwa anabzala mango pambali pa mwala uliwonse. Amuna anzawo ankawaseka kuti akulambulira apongozi msewu. Pa Khirisimasi a Roza anagwada kutsogolo n'kulandira, pambuyo pawo pali nkhalamba zina zinayi. Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi, akulima mtedza ndi kudzudzula akwaya akamathamanga ndi nyimbo.

A Dominiko ankakonda kutiuza kuti: "Nkhalamba ikasiya kubwera musaiweruze. Yendani nayo, muone pamene ikuima."

Mu 1989 anadwala chifuwa. A Tereza anali atatsogola kale. Bambo mfumu atawadzoza Lolemba masana, anandikodola, ine n'kuganiza kuti akufuna kusiya mawu a za munda. Koma anafunsa za a Filipo, gogo wosaona wa kutsidya kwa mtsinje.

"Kodi anafika kutchalitchi dzulo?"

"Anafika, bambo, ndi miyendo yawo."

"Chabwino," anatero, n'kutseka maso. Sanadzukenso.

Mzimu wawo uuse mumtendere.