Mboni Yosavinidwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaphunzira kuti munthu ukhoza kuona chinthu ndi maso ako awiri, akuluakulu n'kukuuza kuti sunaone. Zaka zapita, ndili ndi ana anga, koma sindinama: nkhani imeneyi ikandibwerera ndimapsa mtima ngati yachitika dzulo.

Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mudzi wina m'boma la Balaka. Abambo ankagula nsomba ku Liwonde n'kumakagulitsa m'misika, moti pakhomo ankasowa nthawi yaitali. Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, otopa kale, ndipo ine mwana woyamba ndiye ndinali wotumidwa ndi woperekeza.

M'mawa wina akusenda chinangwa pakhonde, amayi anaimirira mwadzidzidzi, chitenje chitanyowa mpaka kumapazi. Ananena chapansipansi kuti nsupa yasweka. Sindinamve tanthauzo lake, koma nkhope yawo inandithamangitsa kukaitana akabaza. Tinafika pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu dzuwa lisanatenthe. Anamwino tinawapeza pakhonde akukukuta chimanga chootcha, foni ili kukhutu. Amayi anagwada n'kufotokoza.

"Mimba ikuwawa?" anafunsa anamwinowo.

"Iyayi, koma madzi akutuluka."

"Ndiye mwabweranji? Mwina mwangodzikodzera. Pitani, mudzabwere matenda akayamba."

Basi. Sanawagoneke pabedi, sanawagwire ngakhale pamimba. Amayi anaomba m'manja, kuthokoza munthu amene wangowatukwana, ndipo tinabwerera.

Matenda sanayambe. Chomwe chinayamba ndi kutentha thupi. Amayi ankanjenjemera masana dzuwa lili phwee, atafunda bulangete, ndipo mimba inkapweteka ngakhale nsalu ikangoikhudza. Madzi aja sanasiye kutsika, koma tsopano ankanunkha ngati nsomba yogonera. Ine ndinkachapa zitenje zawo nditatseka mphuno ndi phewa. Azimayi oyandikana nafe anati ndi malungo, natipatsa panado. Nditapempha kuti tibwererenso kuchipatala, amayi anakana: ankaopa kukanenedwanso kuti adzikodzera.

Abambo atafika anapeza amayi akubwebweta, ndipo anawakweza matola ulendo wa ku chipatala chachikulu ku Liwonde. Kumeneko anawachita opaleshoni. Amayi anapulumuka, koma mwana anali atafera kale m'mimba. Anali mwamuna. Sitinamulire, paja nthayo sailira. Azimayi okhaokha anakamuika mwakachetechete.

Adokotala amene anachita opaleshoniyo anafotokozera abambo ine ndili pomwepo, beseni lili m'manja. Anati nsupa ikasweka msanga, khomo la chiberekero limakhala lotseguka, tizilombo timakwera n'kuwononga thumba lomwe mwana amakhalamo, ndipo matendawo amagwira mwana ndi mayi yemwe. Anati amayi akanayezedwa tsiku loyamba lija, n'kupatsidwa mankhwala kapena kutumizidwa ku Liwonde, mwina zinthu zikanakhala zina. Anawonjezera kuti abambo anali ndi ufulu wokadandaula. Abambo anangogwedeza mutu.

Amayi atatuluka m'chipatala, ankhoswe anakumana pakhomo pathu. Amalume, mchimwene wa amayi, anafuna kuti nkhaniyo ipite kwa akuluakulu a zaumoyo, ngakhale kukhoti kumene. Abambo anayankha maso ali pansi: "Alamu, ine wogulitsa nsomba ndikasumire boma? Nanga mawa ana awa akadwala tikalowera kuti?"

Apo m'pamene azakhali, mlongo wa abambo, anakonza kukhosi. Anati tisavutitse achipatala, awa ndi mapinga. Kwathu amati mmodzi m'banja akayenda njira ina mkazi ali ndi pakati, mwana amapingika. Ndiye azakhaliwo, osaphethira n'komwe, anafunsa kuti mwamuna akakhala ku Liwonde, usiku pakhomo pano amatseka chitseko ndani. Amayi anali pamphasa, chilonda chisanapole, misozi ikungotsika.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe. Sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji pakati pa bwalo. Ndinanena zonse: chimanga chootcha, foni, mawu a kudzikodzera, ndi zomwe adokotala ananena za nsupa ndi tizilombo. Ndisanamalize, khofi la abambo linanditera kutsaya, khutu n'kuyamba kulira.

"Taonani malodza," anatero azakhali. "Mwana wosavinidwa akutchula za nsupa pamaso pa amuna. Wamuphunzitsa ndani? Si mayi wake yemweyu?"

Umboni wanga unathera pomwepo, n'kusanduka mlandu wina wa amayi. Popeza ndinali ndisanalowe chinamwali, sindinkayenera kudziwa kuti mwana amabadwa bwanji, choncho zomwe ndinaona sizinawerengedwe. Kuchapa zitenje zonunkha zija ndinali wamkulu, koma kunena chomwe chinazinunkhitsa ndinali mwana. Madandaulo sanapite kulikonse. Mvula isanagwe abambo analongedza katundu wawo, ndipo amayi anatsala ndi ife komanso dzina loipa lomwe ankalimva m'manong'onong'o akafika pa mjigo.

Nditakula ndinafunsa loya wina ngati pali chomwe tingachite. Anati milandu ya kusasamala kwa achipatala imazengedwa ndithu, koma yathuyi nthawi yake inadutsa kalekale. Ndinachoka kumeneko n'kupita ku Liwonde, kumene abambo anakakwatiranso. Ndinawapeza atakalamba, akuyanika timatemba pathandala. Sindinazungulire. Ndinawafunsa ngati ankakhulupiriradi kuti amayi anayenda njira ina.

Anati: "Iyayi, mwanawe. Adokotala ndinawamva bwinobwino."

"Nanga bwanji munandimenya? Bwanji munawasiya?"

"Boma ndinkaliopa. Mayi ako sindinkawaopa."

Lero ndikumvetsa kuti pabwalo paja panalibe munthu wamkulu amene sankadziwa choona. Mwana wafa, wina ayenera kusenza mlandu, ndipo anayang'ana uku ndi uku n'kusankha amene sakanatha kuwabwezera: mayi wa chilonda pamimba, wokhala pamphasa. Anamwino aja sindinawakhululukire, koma iwo anatibweza kamodzi kokha. Abale athu enieni ndiwo anamaliza ntchito. Ana anga ndimawauza kuti akaona chinthu anene, kaya pali ankhoswe kaya pali ndani, ndipo ndimawamvetsera mpaka amalize.