Galu amene ndinamuona akuluma ng'ombe ya aneba

Anzanga, nkhani iyi sindinaimve kwa munthu, ndipo sindikuinena kuti mundimvere chisoni, chifukwa mukafika kumapeto chisonicho mwina simukhala nacho. Zinandichitikira ineyo, kumudzi kwa amuna anga kufupi ndi pa Mhuju, ndipo ambiri amene analipo akadali moyo, akhoza kuikira umboni. Maina sinditchula, ngakhale langa lomwe.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ku Rumphi ndinabwera chifukwa cha banja. Ana anga onse anabadwira konkuno, Chitumbuka ndimayankhula ndithu, koma anthu sanasiye kunditchula kuti mayi wa ku Ntcheu uja. Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya mayi ena obadwira m'mudzi momwemo, akazi a mphunzitsi wopuma ntchito yemwenso anali mkulu wa mpingo. Ndinene zoona, mayiwa sanandilakwirepo. Koma mukudziwa anthu aja oti chilichonse akagwira chimayenda? Tikadzala nyemba tsiku limodzi, zawo zimabereka, zanga zimafota. Ana awo amakhoza mayeso, anga amabwereza. Ndinkawasekerera pamaso, koma mumtima mukutentha.

Chinandimaliza ndi ng'ombe. Kunabwera pologalamu ya ng'ombe za mkaka, amayi tinapanga gulu, tinaphunzira limodzi, aliyense anamanga khola ndi kudzala nsenjere zodyetsera. Ine khola langa ndinalimanga bwino kuposa lawo, izi ndimanena mpaka lero. Ng'ombe zoyamba zinabwera zochepa, ndipo pa tsiku losankha dzina limene linatchulidwa linali lawo, langa ayi. Anati ndidikire ikabereka ndidzalandira thole. Ndidikire? Ine ndinangoti basi, asankhana okhaokha a pachibale, ine mlendo ndilandira chiyani. Khola langa linasanduka posungira nkhuni, pomwe kuseri kwa mpanda ng'ombe yamathothomathotho yakuda ndi yoyera inkalira m'mawa uliwonse ngati ikundiseka. Itabereka, thole linali lamphongo, ndiye gulu linati loti ndilandire ine likhale lalikazi la ulendo wina. Aneba aja tsiku lililonse ankabwera ndi botolo la mkaka kuti ana amwere tiyi, ine n'kumalandira ndi manja awiri, ndikuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene mama, koma botololo linkandilemera ngati mwala.

Lamulungu lina ndinanamizira mutu, sindinapite kutchalitchi, chifukwa linali tsiku la zopereka za masika ndipo ndinkadziwa kuti iwo akapita kutsogolo ndi chigubu cha mkaka anthu akuimba. Mudzi wonse unali zii. Dzuwa litakwera ndithu, ndili pakhonde kusola nyemba, ndinaona galu wachilendo akuchokera kumunda. Anali wofiirira, wowonda, mchira uli pakati pa miyendo, akuyenda mopepesuka ngati woledzera, dovu likuchucha mpaka pachifuwa. Sanauwe. Analuma chitsa cha mtengo, analuma ndowa imene inali pabwalo, kenako analowa m'khola la aneba kudzera pansi pa mitengo. Ng'ombe ija inaweramitsa mutu kuti imununkhize, iye anaigwira pamphuno. Inabangula, inamukutumula, galuyo anagwa, n'kudzuka, ulendo cha kumtsinje.

Ine ndinali nditadzitsekera kale m'nyumba, ndikuonera pawindo. Musaganize kuti sindinadziwe chimene ndinaona. Ndinadziwa. Kwathu ndili mtsikana ndinaonapo galu wachiwewe, ndipo pa wailesi amanena kawirikawiri. Anthu atatuluka m'tchalitchi ndinaima pampanda, ndikuona aneba akubwera ndi zovala zawo zoyera, akuseka ndi anzawo, ndipo mawu anali pakamwa penipeni. Anandifunsa za mutu. Ndinati uli bwino pang'ono. Basi, ndinathera pomwepo. Bala la pamphunolo iwo ataliona anati ng'ombe yadzikanda pa waya, anapakapo mankhwala a buluu aja, nkhani inatha.

Mawa lake tinamva kuti kumudzi wina kutsidya apha ntchewe yakufuntha, ndi mmene amanenera kuno galu wopenga, italuma bambo wina pamwendo. Sabata yomweyo a vetenale anabwera pa njinga yamoto, anabaya katemera agalu onse pabwalo la sukulu, analamula kuti agalu amangidwe, ndipo anafunsa mobwerezabwereza ngati alipo amene anaona galuyo akuluma munthu kapena chiweto. Ine ndinali pomwepo, nditagwira chingwe cha galu wathu. Ndinayang'ana pansi. Mumtima ndinkati ng'ombe si munthu, ikafa yafa, nawonso alaweko kukhala ndi khola lopanda kanthu. Ndi mmene ndinkaganizira, ndibisirenji?

Panapita masabata atatu kapena kuposerapo, mpaka ndinayamba kuganiza kuti yapulumuka, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinakhumudwa. Kenako botolo la mkaka linasiya kubwera. Aneba anati ng'ombe yasiya kudya, mkaka wauma, ikungolira. Kulira kwake sikunali kwa ng'ombe imene ndinkaidziwa, kunali kosasa mawu, kotalika, kosalekeza, koti ukamva tsitsi limaima. Ndinawapepesa ndi nkhope yachisoni, ndikubwerera kunyumba ndinapeza ndikuimba nyimbo.

Tsiku lachitatu lake ndinapita kumsika pa Mhuju kukagulitsa nyemba. Pobwera masana ndinaona anthu ataunjikana pakhola la aneba. Ndinatula dengu, ndinadutsa pakati pawo, ndipo chimene ndinaona sindidzachiiwala. Ng'ombe anali ataimanga ndi zingwe pa mzati, maso atatuluka, ofiira, dovu likutsika ngati ulusi mpaka pansi. Aneba aja anaikumbatira mutu, chitenje chonse chitanyowa. Amene anapisa dzanja m'kamwa mwake mpaka m'chigongono anali amuna anga. Bambo a ana anga! Anthu ankati yatsamwa ndi chitsononkho, ndiye anaitana iwo chifukwa anakulira pa ng'ombe ndipo sachita mantha. Masiku omwewo anali akumanga chigafa cha fodya, m'manja monse muli mabala a chikwanje ndi zisonga. Atatulutsa dzanjalo linali lopanda chitsononkho, lili noninoni ndi dovu, magazi akutuluka pamene mano anawakanda. Anangopukutira pa buluku n'kunena kuti mulibe kanthu m'menemu.

Ndinafuna kukuwa. Pamenepo mayi wina anayamba kunena m'Chitumbuka, mokweza kuti ndimve, kuti ng'ombe yabwinobwino singangopenga yokha, pali munthu wa nsanje amene waichita chipongwe, ndipo ena ananditembenukira. Taonani zake, ankandiganizira ufiti umene sindinachite, pomwe chimene ndinachitadi sankachidziwa. Ndikanena, ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti ya mtundu wina. Ndikapanda kunena? Ndili m'kati moganiza choncho, aphunzitsi aja, eni ake ng'ombe, anati palibe kuchitira mwina, aiphe isanafe yokha kuti anthu apezeko ndiwo. Wina anathamangira mipeni, ndinamva akunola pamwala, amayi anayamba kutuma ana mabeseni. Mwana wanga wamkazi naye anabwera ndi beseni lathu lobiriwira.

Beseni limenelo ndi limene linanditsegula pakamwa. Ndinakuwa kuti asaikhudze, ng'ombeyo ili ndi chiwewe, inalumidwa ndi galu uja anaphedwa kutsidya. Kunoledwa kwa mpeni kunaleka. Aphunzitsi anandifunsa modekha kuti mama, mwadziwa bwanji. Ndinati ndinaona ndi maso anga. Anafunsa kuti liti. Ndinati Lamulungu la masika lija. Ng'ombe inkalirabe. Aneba aja anasiya mutu wa ng'ombe pang'onopang'ono, anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana ine, ndipo anangofunsa mawu awa: “Mama, masiku onsewa mumalandira mkaka m'manja mwangamu, mukudziwa?” Amuna anga sanandiyang'ane n'komwe.

A vetenale atawaimbira foni, asananyamuke n'komwe analamula kuti aliyense amene wakhudza dovu asambe ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda, makamaka pa mabala, kwa nthawi yaitali osati mongotsukuluza. Ndinapopa mjigo ndine, amuna anga atatambasula dzanja, sopo mpaka kutha. A vetenale atafika anathamangitsa anthu pakhola, anavala magolovesi, ng'ombe inaphedwa, mutu anautenga kuti ukayezedwe, thupi lonse linakwiriridwa m'dzenje lakuya, osachotsapo ngakhale kachidutswa. Thole analitsekera palokha kuti aziliona. Anafotokoza kuti kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu, kamalowera pa bala kapena m'maso ndi m'kamwa, kamayenda pang'onopang'ono mpaka ku ubongo, ndipo katemera amathandiza pokhapokha munthu asanayambe kudwala, akangoyamba palibe mankhwala. Za mkaka anati popeza tinkauwiritsa tisade nkhawa kwambiri, koma tikanene kuchipatala. Ine ananditengera pambali n'kundiuza kuti ndikananena tsiku lomwe lija mwina ng'ombeyo sakanaipulumutsa, koma akanaitsekera, ndipo palibe munthu akanapisamo dzanja. Mwamva? Kukhala chete kwanga sikumene kunapha ng'ombe. Ng'ombe inali itapita kale. Chimene ine ndinawonjezerapo ndi anthu basi.

Anthu asanu ndi amene anakhudza dovu. Tinakwera minibasi imodzi kupita ku chipatala cha ku boma tsiku lomwelo, ine ndikuperekeza amuna anga, aneba atakhala mpando wa kutsogolo kwanga. Njira yonse ndinkangoona kumbuyo kwa duku lawo. Podutsa pa Njakwa ndinayang'ana madzi pansi pa mlatho, ndinaganiza za anthu achiwewe amene amati amaopa madzi, ndipo ndinatseka maso. Kuchipatala anawatsukanso mabala, anawabaya katemera, anawalembera masiku oti abwerenso, n'kuwachenjeza kuti asadumphitse ngakhale limodzi. Mapepalawo ndinkasunga ndine, ndipo tsiku likakwana ndinkagogoda khomo la aliyense wa anayi enawo, ena osandiyankha moni. Zotsatira za mutu uja zitabwera, chinali chiwewe ndithu.

Ndinkaganiza kuti zoopsa zatha, koma ayi. Bambo uja analumidwa kutsidya sanapite kuchipatala, anangopaka mankhwala azitsamba, bala linapola bwinobwino. Patapita miyezi iwiri anayamba kudwala, ndipo amene anamuona ankanena monong'ona kuti ankalira ludzu koma akamupatsa kapu khosi linkakana, thupi lonse n'kumagwedezeka. Sanathe sabata. Kumaliro kwake ndinapita, ndipo pobwera ndinayamba khalidwe loti m'mawa uliwonse ndizipatsa amuna anga kapu ya madzi, n'kuima pomwepo kuyang'ana pakhosi pawo mpaka ameze. Iwo ankadziwa chimene ndikuchita, ankangomwa.

Tsiku lina anabwera kuchokera kumunda dzuwa lili pamutu, thupi likutentha, akuti mutu ukuwawa, dzanja lomwe lija likuphwanya. Ndinawapatsa madzi. Anakankha kapu, madzi anatayikira pamphasa. Abale anga, ndinakuwa kukuwa koti mudzi wonse unamva, ndinakhala pansi ndikungoti ndawapha, ndawapha ndine. Munthu woyamba kulowa m'nyumba anali aneba aja, amene anali asanandiyankhule chichokere tsiku la ng'ombe. Sanandiyang'ane. Anatenga kapu, anatunga madzi ena, anagwada pafupi ndi amuna anga n'kuwauza m'Chitumbuka kuti dada, imwani, ngakhale pang'ono, tione. Amuna anga anamwa. Anameza kamodzi, kawiri, anamaliza kapu yonse, n'kudandaula kuti akungomva nseru basi. Aneba anatulutsa mpweya wautali, ndipo ndipamene ndinazindikira kuti nawonso miyezi yonseyi ankadziyesa ndi kapu ya madzi kunyumba kwawo. Kuchipatala anapeza malungo.

Onse asanu ali moyo mpaka lero. Kugulu la ng'ombe anandichotsa, ndipo sindinatsutse. Amuna anga anatha pafupifupi chaka akundiyankhula zofunika zokhazokha. Ndinapita kwa aneba kukapepesa, ndinagwada pakhomo, iwo anati anandikhululukira chifukwa Mulungu amatero, koma ndisadzayembekezere kuti adzandisiyiranso kiyi wa nyumba yawo. Patapita zaka gulu linawapatsa ng'ombe ina. Mukuganiza kuti nditaiona ikutsika m'galimoto ndinasangalala? Kanthu kaja kanandilumanso mumtima, pomwe paja. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimakadziwa, ndipo kakandiluma ndimakatchula dzina lake, nsanje.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti matenda sadziwa mpanda. Ine ndinkayesa kuti tsoka ndaliona likulowa m'khola la eni ake likathera momwemo, osadziwa kuti m'mudzi manja amene amathandiza pa khola la mnzako ndi a m'nyumba mwako. Ndiye ndikupempheni, ng'ombe kapena mbuzi ikamachucha dovu n'kumalephera kumeza, musapisemo dzanja, musaiphe kuti mudye, itanani a vetenale. Galu akakulumani, sopo ndi madzi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Agalu anu abayitseni. Ndipo mukaona galu wachilendo akuluma chiweto cha munthu amene simumufunira zabwino, kamuuzeni nthawi yomweyo. Kumuda mudzapitiriza mawa ngati mukufuna, koma lero kanene.