A Chimwaza ndi kamera ya padenga

Ndikakumbukira a Chimwaza, amene tinayandikana nawo nyumba ku Mponela ndili kamtsikana, mphuno yanga imagwira fungo la palafini ndi mwaye, ngakhale ndili kuno ku Doha kumene mphepo ya m'nyumba imatuluka m'makina. Anali okonza mawotchi. Ankakhala pakhonde, kathebulo patsogolo, kagalasi pa diso limodzi, ndipo mawotchi a anthu onse apamsika ankalira pamodzi, wina kutsogola wina kutsalira, ngati kwaya yopanda wotsogolera. Zala zawo zinali zonenepa, koma zinkatola kasikuluwu kochepa ngati njere ya mawere. Ndikamapita kotunga madzi ndinkazengereza pakhomo pawo, chidebe chili pamutu, chifukwa ankayimba akamagwira ntchito, kuyimbira wotchi, kuyimbira sipuling'i, kuyimbira ndi mbuzi yodutsa. Kuyimbayimba kwangaku ndinatengera kwa iwowo.

Mwana analibe, koma chidwi anali nacho cha mudzi wonse. Ankati chinthu ukachitsegula chimakuuza chokha pamene chikudwala.

Wailesi itanena kuti kudzakhala kadamsana, a Chimwaza sanagwire wotchi ya munthu tsiku limenelo. Anatola zidutswa za galasi la pawindo, n'kumazitenthetsa pa koloboyi mpaka zinada bii, n'kutigawira ana tonse, zala zathu zili mwaye wokhawokha. Kuwala kunafooka ngati madzulo pamene kunali masana. Ine ndinasuzumira kamodzi, ndinaona dzuwa lonyemeka ngati chitumbuwa cholumidwa, kenaka amayi anandikoka diresi n'kunditsekera m'nyumba. A Chimwaza anatsala panja. Anayang'ana, anayang'ana, ndipo poti mwaye unkawabisira m'mphepete mwa dzuwa, ankaupukuta pang'ono ndi chala kuti aone bwino.

M'mawa mwake anati paliponse pomwe ayang'ana pakutera ntchentche. Sanamve kuwawa ayi, ndicho chimandiopsa mpaka lero. Anadikira kuti ntchentcheyo iwuluke, siinawuluke. Ankaona makutu ako, mphuno yako osaiona. Eni mawotchi anabwera mmodzimmodzi kudzatenga zawo, khonde linakhala zii, iwo anayamba kuluka mphasa mongopapasa. Kuyimba sanasiye. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi anandiuza kuti, "Dzuwa sililuma ndi mano, mwanawe. Umangodzuka mawa lake zitatha."

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka, ndipo taonani ndakwera ndege pa ukalamba, ine! Mwana wanga Limbikani ndi dalaivala kuno, amanyamula alendo a hotelo. Mkazi wake atachira anandiyitana kudzaona mdzukulu, Tadala, ndipo ndinavina pabwalo la ndege anthu akundiyang'ana. Amakhala ku Rawdat Al Khail, m'nyumba yosanja. Limbikani tsopano ndimamutcha bambo a Tadala, ndi munthu wamkulu.

Bwana wina wa ku Onaiza amene ankamuyendetsa, pobwerera kwawo, anamusiyira chida choonera kumwamba: chipaipi choyera choyima pa miyendo itatu, ndi kamera yozungulira ngati kachitini ka mkaka, yolumikiza ku laputopu ndi waya. Mwezi anali ataujambula kale, anandionetsa. Koma Lachisanu lina, tsiku lake lopuma, ndinamuona akunyamula zonsezo m'mawa, akuti akupita padenga kukajambula dzuwa.

Ndinamufunsa ngati dalaivala amayendetsa ndi makutu. Ndinamukumbutsa kuti pokonzanso laisensi amamuyeza maso, ndipo maso akakana, ntchito yatha, nyumba yatha, Tadala adya chiyani. Iye anaseka.

"Amayi, musadandaule. Pali fyuluta. Ndiponso sindiyang'ana ndi diso, ikuyang'ana ndi kamera. Yala, monga amanenera Aarabu kuno, tiyeni mukaone nokha."

Anandionetsa chivundikiro chonyezimira ngati pepala la m'paketi ya tiyi, anachikweza m'mwamba kufufuza ngati chabooka, n'kuchimanga zolimba kukamwa kwa chipaipi. Ndinamutsatira. Sindinapite kukaona dzuwa, ndinapita kukalondera.

Padenga panali mathanki a madzi, makina oziziritsa nyumba akulirima, simenti ikutentha kale kudzera m'mapatapata. Anatsegula laputopu, laputopu inati siikuidziwa kamera. Anazula waya, anabwezera, ayi ndithu. Anayesa bowo lina, anazimitsa, anayatsa, thukuta lili chuchuchu. Pomaliza anachotsa waya wautali woonjezera n'kusiya waufupi, kamera inavomera. Ine mumtima ndinkapempha kuti ikanebe.

Koma pa sikirini panali mdima bii. Anati chipaipi sichinaloze dzuwa bwinobwino, pakuti kamera imaona kachigawo kochepa ka thambo. Anakankhira uku, mdima. Anakankhira uko, mdima. Ndinamva akung'ung'udza kuti nthawi ikupita, kukatentha chithunzi chimagwedera. Pamwamba pa chipaipi chachikulu panali kapaipi kakang'ono kamene amasuzumiramo usiku pofuna kupeza mwezi. Kameneko sanakavale kanthu, anakaiwala. Ndinamuona akuwerama, mutu ukupita komweko monga anazolowera, ndipo pa phewa la malaya ake panatera kadontho kowala ka dzuwa kochokera m'kapaipiko, kakuyenda, kakukwera kukhosi.

Ulemu wonse wa bambo a Tadala unathawa. Ndinamugwira khutu ngati ali sitandade wani n'kumukokera kumbuyo.

"Iwe Limbikani, ukufuna kuluka mphasa?"

Anatsegula pakamwa kuti anditsutse, koma anaona kadonthoko kali pa mkono wake, ndipo anauchotsa msanga chifukwa kanamutentha. Anapisa m'chikwama, anatulutsa kachivundikiro, anatseka kapaipiko, n'kukulunganso ndi selotepi.

Ndinamuuza kuti ngati akufuna kupitiriza, dzuwa alipatse msana, nkhope isatembenukire kumeneko ngakhale pang'ono, ndipo ndinayima pambali pake ngati wapolisi. Anadandaula kuti munthu angaloze bwanji chinthu chili kumbuyo kwake. Ndinati zimenezo ndi zake, ine changa ndi khutu lake basi. Anayima nthawi, akuyang'ana pansi. Kenaka anati bwana uja ankachita zina ndi chithunzithunzi, ndipo anayamba kusuntha chipaipi akuyang'ana chithunzithunzi chake pa simenti, chachitali, chikufupika, chikufupika, mpaka chinasanduka chozungulira ngati mbale.

Sikirini inayera mbee.

"Khalasi, zatheka, talipeza," anatero monong'ona. "Ekisipozha yakwera, dikirani ndichepetse."

Anati kamera ikumwa kuwala kochuluka, n'kumakoka kamzere pa laputopu. Koma kunyezimira kwa padenga kunkatiphimba, sitinkaona kanthu. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kufunda naye pamodzi, ine, iye ndi laputopu, m'kati muli fungo la thukuta ndi sopo. Kuyera kunazirala, kunatuwa, ndipo m'mphepete munaoneka mokhota, mosamveka bwino ngati chinthu cha m'madzi. Anatulutsa dzanja kunja kwa chitenje n'kumapotokola kachitsulo pang'onopang'ono, ine nditagwira kolala yake kuti mutu usatuluke nawo. M'mphepete muja munathwa.

Amayi inu, dzuwa lili ndi timadontho ngati nkhope ya munthu. Takuda pakati, totuwa m'mbali, tina titaunjikana ngati nyerere pa shuga, ndipo lonse linkanthunthumira ngati phala likamayamba kuwira. Limbikani anati kunthunthumirako ndi mpweya wotentha wa padenga, n'chifukwa chake amajambula vidiyo kuti adzasankhemo zithunzi zosagwedera. Anati kadontho kamodzi kakhoza kumeza dziko lathu lonse. Ine ndinangoyang'ana, kuyang'ana mpaka kukhuta, diso osalira misozi, ndipo ndinazindikira kuti ndayamba kuyimba pansipansi. Ndinalakalaka a Chimwaza akanakhala achitatu m'chitenjemo.

Laputopu inatentha n'kuzima yokha. Limbikani anapukusa mutu, ine ndinati zikomo Ambuye.

Titatsika anafuna kuonetsa mkazi wake vidiyo, koma ndinamukhazika pampando kaye. Ndinatulutsa singano ndi ulusi, ndinamutseka diso lamanzere ndi chikhato changa, ndinati lowetsa. Analowetsa. Ndinatseka lamanja, analowetsanso. Mayi a Tadala anaseka mpaka mwana anadzuka, akuti apongozi atsegula chipatala cha maso. Sindinakhutire, chifukwa ndikudziwa kuti zimaoneka mawa lake. M'mawa mwake ndinam'dikira pakhomo asanapite kuntchito, yunifomu ili m'thupi, makiyi ali m'manja, ndipo analowetsanso ulusi uku ndi uku. Pamenepo ndiye ndinavina m'khonde mpaka oyandikana nawo anatsegula chitseko.

Padenga amapitabe Lachisanu lililonse, sindingamuletse, ndi bambo wa munthu. Kapaipi kaja anakachotseratu, kali m'sutikesi mwanga, ndipo ndipita nako ku Malawi. Singano ndasiyira mayi a Tadala, ndawaphunzitsa kuti diso lotseka alitseke ndi chikhato chawo, asamukhulupirire kuti atsinzina yekha.