Siilo Yachilendo pa Kontena ya Nandolo

A Josephine Maluwa anabadwira ku Mauwa, m'banja la alimi. Atamaliza Fomu 4 anakagwirako ntchito m'sitolo ku Limbe, kenako anabwerera kwawo atapeza malo pa kampani ina yogula nandolo n'kumatumiza ku India. Nyumba ya kampaniyo yosungiramo katundu inali m'mbali mwa msewu, kufupi ndi Mbombwe.

Ntchito yawo inali ya mapepala. Kontena isananyamuke ulendo wa ku doko, ankayerekeza zolembedwa ndi zimene zinali pabwalo: kuchuluka kwa matumba, kulemera kwake, chiphaso chosonyeza kuti nandoloyo wathiridwa mankhwala ophera anankafumbwe, komanso nambala ya siilo, kachitsulo kamene amamangira chitseko kuti wina asatsegule m'njira. Zonse zikagwirizana ankasaina, mapepalawo n'kupita kukadindidwa ku maofesi a boma. Anagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi zinayi. Anzawo ankawaseka kuti amawerenga manambala ngati akupemphera kolona, milomo ikugwedezeka.

Lolemba lina mu Okutobala anapeza kuti siilo ya pa kontena ina sinali imene anaiona ikumangidwa Lachisanu. Nambala yonse inali ina. Atafunsa mlonda, a Benedicto, mkuluyo anayang'ana pansi n'kunena kuti Lamlungu masana anauzidwa kuti akapume kunyumba.

Bwana wa pamalopo, a Denis, anaseka n'kunena kuti winawake anangolakwitsa polemba, akonze pepalalo basi. A Josephine anapempha kuti atsegule kontenayo aonemo. A Denis anasiya kuseka, ndipo anawakumbutsa kuti sitima siyembekezera munthu. Mayiwo sanasaine. Potuluka anajambula siiloyo ndi foni yawo.

Tsiku lotsatira poweruka, ali pa kabaza, galimoto yoyera inaima kutsogolo kwawo. Munatuluka bambo wovala bwino amene sanamuonepo. Anawapatsa moni mwaulemu, kuwatchula dzina, n'kufunsa ngati miyendo ya amayi awo yasiya kutupa.

"Paja Lachinayi amapita okha kuchipatala, eti?" anatero bamboyo. "Njira ija ndi yaitali kwa munthu wokalamba. Mulinso anthu ochepa."

Sanatchule za kontena kapena za mapepala. Anangotsazika n'kukwera galimoto yake. Wa kabaza uja anapitiriza ulendo mpaka kukafika ku Mauwa.

Lachinayi a Josephine sanapite ku ntchito, anaperekeza amayi awo kuchipatala, akucheuka nthawi iliyonse akamva galimoto m'mbuyo. Atafika ku ofesi Lachisanu anapeza kontena ija itapita. M'failo munali mapepala onse, osainidwa m'dzina lawo. Wolembayo anatsanzira bwino kwambiri moti iwo eni anayang'ana kawiri.

Anasiya ntchito tsiku lomwelo. Anakalembetsa nkhaniyo kupolisi, ndipo zithunzi zija anazisindikiza n'kukazisungitsa kwa abambo mfumu a ku parishi. Amayi awo anawatumiza kukakhala kwa mchemwali wawo ku Zomba.

Panapita miyezi isanu kuli zii. Kenako kunabwera akuluakulu awiri a boma kudzawafunsa mafunso. Kontena ija inali itatsegulidwa pa doko lina kunja, ndipo kuseri kwa matumba a nandolo anapezako minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka. Pa mapepala onse panali dzina la a Josephine. Chimene chinawapulumutsa ndi zimene anakalembetsa kupolisi zija, pamodzi ndi zithunzi zokhala ndi tsiku.

A Denis anali atasowa kale. Bambo wa galimoto yoyera uja palibe anamudziwa. Boma linamanga dalaivala amene ananyamula kontenayo ndi munthu wina wa ku Limbe, n'kutchula mboni zitatu: a Josephine, a Benedicto ndi wa kabaza uja.

Lero a Josephine amalima tomato ndi kabichi kudimba. Tsiku la mlandu lasinthidwa kanayi. Wa kabaza anagulitsa njinga yake n'kupita ku Joni, ndipo mwezi watha a Benedicto anasamukira kwa abale awo ku Mozambique osatsazika aliyense, chimanga chawo chili m'munda. Kalata ya kukhoti yabweranso, ikuti mlandu ulowa mu Juni.